Lendi kapena kugula? Zomwe tinaona ku Cruise Park

Ife a ku Tyrrelstown sitinaiwale chaka cha 2016. Mabanja ochita lendi ku Cruise Park analandira makalata oti asamuke, ngongole ya eni nyumbazo itagulidwa ndi Beltany, kampani ya Goldman Sachs. Phokoso lake linabala lamulo loteteza ochita lendi pamene mwini akugulitsa nyumba 10 kapena kuposerapo pamalo amodzi.

M'nyumba yakoyako sakusamutsa chotero. N'chifukwa chake anamwinofe timalimbikira mashifiti ausiku, kusakasaka dipoziti ya 10 peresenti. Komatu amene anagula mu 2007 anaona mitengo ikutsika ndi theka pofika 2012, ngongole ili chilili. Ndipo tikasaina ngongole ya zaka 30, nyumba ija tinayamba kumanga kumudzi imaima osafolera, makolo n'kumafunsa pafoni kuti, "Kodi mubweranso?"