Mliri, Umphawi wa Kumudzi ndi Kusaka Nyama Zakutchire

Mliri ukagwa, maso a anthu ambiri amakhala ku zipatala ndi kumanda, chifukwa kumeneko ndi kumene kuopsa kwake kumaonekera msanga. Koma pali zina zimene zimachitika mwakachetechete m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ndiponso malo osungirako nyama zakutchire. Matenda a Covid-19, amene bungwe loona zaumoyo la WHO linalengeza pa 11 Malichi 2020 kuti ndi mliri wa dziko lonse lapansi, anaonetsa poyera kuti matenda, njala ndi kusaka nyama zimayendera limodzi. Mu Meyi 2023 bungweli linalengeza kuti nthawi ya ngozi yaikulu yatha, komabe n'kofunika kuti timvetse zimene zinachitika, popeza mliri wina ungathe kudzabwera.

Mmene ndalama zinasowera kumudzi

Banja la kumudzi silidalira munda wokha. Limadaliranso ganyu, kugulitsa zokolola kumsika, ndiponso ndalama zimene ana kapena achibale amatumiza kuchokera kutauni ndi kunja kwa dziko. Mliri unakhudza njira zonsezi nthawi imodzi.

Kuno ku Malawi, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza pa 20 Malichi 2020 kuti dziko lili pa ngozi. Sukulu zinatsekedwa, ndipo misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa. Odwala oyamba anapezeka pa 2 Epulo. Boma litafuna kuti anthu abindikire m'nyumba kwa masiku 21, bwalo lalikulu la milandu linaimitsa ganizoli, gulu la Human Rights Defenders Coalition litadandaula kuti panalibe ndondomeko ya mmene osauka adzapezere chakudya. Ngakhale m'bindikirowo sunachitike, mavuto a maiko ena anatifikabe. Ku South Africa m'bindikiro unayamba kumapeto kwa Malichi, ntchito zambiri zinaima, ndipo Amalawi ambirimbiri anabwerera kwawo pa mabasi kudzera pa chipata cha Mwanza. Munthu amene ankatumiza ndalama mwezi ndi mwezi anasanduka wofuna kudyetsedwa pa nkhokwe yomwe ija.

Ntchito zokopa alendo ndi zimene zinagwa kwambiri. M'chaka cha 2020 chiwerengero cha alendo oyendera maiko ena chinatsika ndi oposa 70 mwa 100 alionse, ndipo ndege zonyamula anthu zinasiya kubwera ku Malawi kuyambira Epulo mpaka Sepitembala. Kufupi ndi malo monga Liwonde, Majete ndi Nyika, kapenanso ku Mfuwe m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, mlendo mmodzi amadyetsa anthu ambiri: wophika, woyendetsa galimoto, wochapa zovala, wosema ziboliboli, ndi mayi wogulitsa masamba ku malo ogona alendo. Alendo atasiya kubwera, ambiri mwa anthu amenewa anatsala manja lende.

Chifukwa chake misampha inachuluka

Zinthu zikafika pamenepa, tchire limakhala ngati nkhokwe yotsiriza. Munthu amene sangathe kugula nyama yambuzi kapena nsomba amakumbukira kuti kuseri kwa mpanda wa nkhalango kuli gwape, nguluwe ndi mbawala. Msampha wa waya sufuna mpamba, ndipo nyama yogwidwayo imakhala ndiwo zapakhomo, ina n'kuwamba kuti igulitsidwe. Komanso malo ambiri osungirako nyama mu Africa amalipira alonda awo ndi ndalama zochokera kwa alendo. Ndalamazo zitachepa, m'malo ena ulonda unachepanso, ndipo magalimoto a alendo, amene kuyendayenda kwawo kumaopseza otchera misampha, sankaonekanso.

Tiyenera kusiyanitsa mitundu iwiri ya kusaka. Ku South Africa, zipembere zimene zinaphedwa ndi ozembetsa nyanga zinatsika kuchoka pa 594 m'chaka cha 2019 kufika pa 394 m'chaka cha 2020, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti misewu ndi malire zinali zotseka. Malonda a magulu akuluakulu a umbanda amafuna mayendedwe. Koma kusaka kofuna ndiwo kumachitika pafupi ndi mudzi, choncho m'madera ambiri kunakula. Ku Uganda, oyang'anira nyama zakutchire anaona kuti milandu ya kusaka mozemba yachuluka kwambiri m'miyezi yoyamba ya mliri. Mu Juni 2020, m'nkhalango ya Bwindi, nyani wamkulu wa mtundu wa gorilla wotchedwa Rafiki, amene alendo ankalipira ndalama zambiri kuti amuone, anabayidwa ndi mkondo ndi munthu amene analowa m'nkhalangomo kukasaka nyama zing'onozing'ono. Munthuyo analamulidwa kukakhala kundende zaka 11. Banja lake linataya womudalira, ndipo dera lonselo linataya nyama imene inkabweretsa ndalama.

Kuopsa kwa msampha wa waya n'kwakuti susankha. Wotchera amafuna mbawala, koma wayayo amakola mkango, fisi, ngakhale chitamba cha njovu. Misampha yambiri imaiwalika m'tchire ndipo nyama zimaolera momwemo popanda wodya.

Kutchire kungachokerenso matenda

Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachiganizira. Matenda ambiri atsopano amene agwira anthu m'zaka zapitazi anachokera ku nyama. Odwala ambiri oyamba a Covid-19 mumzinda wa Wuhan ku China, kumapeto kwa 2019, anali atafikako pa msika wina umene pankagulitsidwanso nyama zakutchire zamoyo. Matenda a Ebola, amene anayambira ku Guinea kumapeto kwa 2013 n'kupha anthu oposa 11,000 ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone, nawonso amayamba munthu akakhudza magazi kapena mtembo wa nyama yakutchire imene ili ndi kachilomboko, kenaka n'kumafalikira pakati pa anthu okhaokha.

Chitsanzo chapafupi ndi cha m'boma la Chama ku Zambia. M'chaka cha 2011 mvuu zambiri zinafa ndi matenda a anthrax mumtsinje wa Luangwa, ndipo anthu anazisenda n'kudya. Anthu oposa 500 anadwala ndipo asanu anamwalira. Ofufuza atafunsa anthu a m'deralo, ena anayankha kuti akadzapezanso mvuu yakufa adzadyabe chifukwa chosowa chakudya. Apa tikuona kuti njala imachotsa mantha. Motero mliri umodzi ukasaukitsa anthu n'kuwakankhira kutchire, umatsegula khomo la matenda ena. Ngozi yaikulu imakhala pa nthawi yosenda ndi kudula nyamayo, makamaka ngati munthu ali ndi bala m'manja, ndiponso pa kudya nyama yofa yokha.

Kuletsa kokha sikukwanira

Pa nthawi ya Ebola, maboma a kumadzulo kwa Africa analetsa kusaka ndi kugulitsa nyama zakutchire. M'madera ambiri malondawo anangosamukira kobisika, ndipo anthu ena anayamba kukayikira uthenga wa azaumoyo, popeza anakhala akudya nyamazo kuyambira kalekale osadwala. Ku Malawi, lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa m'chaka cha 2017, ndipo pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere munthu angathe kukakhala kundende mpaka zaka 30. Lamuloli n'lofunika ndipo tiyenera kulimvera, koma ndende payokha siika ndiwo m'mbale.

Tisaiwalenso kuti zakudya zina zam'tchire, monga ngumbi, dzombe ndi mbewa, ndi ndiwo zimene makolo athu anakulira, ndipo zimathandiza mabanja osauka. Vuto la mbewa lili pa moto wolusa umene osaka ena amayatsa, umene umatentha nkhalango, udzu wofolerera ndi mapesi oyenera kubwerera m'nthaka.

Njira imene yaonetsa zipatso ndi yopatsa anthu chodalira china. M'chigwa cha Luangwa, bungwe la COMACO, limene linayamba m'chaka cha 2003, limalandira mfuti ndi misampha kwa alenje, n'kuwaphunzitsa ulimi wosamala nthaka ndi ulimi wa njuchi, kenaka limawagula mtedza, mpunga, soya ndi uchi. Zakudya zimenezi zimagulidwa m'dziko momwemo, alendo abwere kapena asabwere. Phunziro lake n'lakuti mudzi umene umadalira njira imodzi yokha yopezera ndalama umagwa msanga mliri ukafika.

Pali zimene tingachite m'midzi ndi m'miphakati mwathu nthawi idakalipo. Nkhuku, abakha, akalulu, mbuzi, nandolo ndi soya zimachepetsa chilakolako cholowa m'nkhalango. Banki mkhonde imathandiza banja kuoloka miyezi yovuta. Nyama yopezeka itafa yokha isakhudzidwe kapena kudyedwa, koma tidziwitse amfumu ndi alangizi a ziweto kapena azaumoyo. Ndipo pamene tamva kuti mnzathu wachotsedwa ntchito kapena wabwera kuchokera kunja chimanjamanja, tiyeni timufikire msanga ndi thandizo, asanaganize zotenga waya n'kulowera kutchire.