Wopemphera nayenso amadwala maganizo

Mwezi wathawu wophunzira wina amene ndimamuyang'anira pa ntchito ya mano anangotsala pang'ono kugwera wodwala. Anali atagwira jekeseni yochititsa dzanzi, wodwala atayasama kale, ndiye ndinangoona dzanja likunjenjemera, thukuta lili kamukamu pamphumi. Ndinamulanda jekeseniyo mwakachetechete n'kumuuza kuti akapitidwe mphepo panja. Nditamaliza ndinamufunsa ngati wadya. Anati, "Ayi adokotala, ndikusala."

Kusalako sikunandivute, inenso ndimasala. Chinandiwawa ndi chifukwa chake. Mwanayu anali atatha miyezi tulo osatiwona, nsima osaimva kukoma, akumalira yekha m'chipinda popanda womuputa. Atawauza anzake a m'gulu lawo la mapemphero, anamuyankha kuti wafooka mu uzimu, mdierekezi wapeza mpata, awonjezere masiku osala. Panalibe ngakhale mmodzi amene anamuuza kuti mwina akudwala.

Bodza limeneli ndatopa nalo, loti munthu wopemphera sangadwale maganizo, ndipo akadwala ndiye kuti pemphero lake lili ndi chilema. Ndalimva kwa makolo, kwa ophunzira, ngakhale kwa anzanga ovala makhoti oyera. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewa dzino likawasowetsa mtendere usiku sanena kuti chikhulupiriro chawo chachepa. Amapemphera ndithu, koma kukacha amalawirira pamzere wa kuchipatala, tsaya lili m'manja. Abusa ndawazulapo mano, mashehe ndawazulapo, masisitere ndawazulapo, ndipo sindinaonepo wina akuchita manyazi nazo. Nanga ubongo unalakwa chiyani kuti wokhawo ukadwala tiziti ndi ziwanda?

Anthu ambiri amaganiza kuti udokotala wa mano ndi kuphunzira kugwira pulayala basi. Maphunziro a digiri imeneyi anayamba m'dziko muno mu 2019 pa College of Medicine, imene pano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Kale wofuna kukhala dokotala wa mano ankapita kunja, ndipo ntchito yambiri m'maboma inali, ndipo ikadali, m'manja mwa ma dental therapist ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Choncho ana amene ali m'kalasi lero ndi ochepa, ndipo aliyense wasenza maso a banja lake ndi a dziko lonse. Kumudzi anayamba kalekale kumuitana kuti adokotala, pomwe iye akuda nkhawa ndi sapu, mayeso obwereza.

Ndiyeno ntchito yakeyo ndi yothina. Wophunzira amayambira pa chimene timati phantom head, mutu wa chidole wokhala ndi mano apulasitiki, womangidwa pampando ngati wodwala. Amatha masana onse atawerama, akubowola kabowo koyezedwa m'mamilimita, dzino lam'mwamba akuliona pa kagalasi kamene kamatembenuza zonse: dzanja likafuna kupita kumanja, maso akuti kumanzere. Mphunzitsi amabwera, kuyang'ana kamphindi, n'kunena kuti yambiranso. Akachoka pa chidolecho amapeza munthu weniweni, ali maso, ali ndi mantha, akumuyang'anitsitsa pafupi penipeni. Enamel, chikuto cholimba cha kunja kwa dzino, sichimeranso. Ukasema mopyola wasema basi. Komanso kuti alembe mayeso amayenera kukwanitsa chiwerengero cha mano omata, ozula, ndi otsuka mizu, pomwe wodwala wathu ululu ukangoleka sabweranso. Wophunzira amakonza zida, kudikira mpaka masana, mpando uli wopanda munthu. Onjezanipo fizi, ndalama ya chakudya imene yachedwa, ndi foni yochokera kumudzi yoti feteleza wakwera. Munthu wa zaka 21 zimenezi zikhoza kumufoola, kaya amaimba kwaya kaya saimba.

Pali anzanga ena amene akamva nkhani ngati iyi amafulumira kunena kuti vuto ndi chipembedzo, ana asiye kutaya nthawi ku mibindikiro. Amenewanso sindigwirizana nawo. Ndaona ndi maso anga ophunzira amene chimawasunga ndi chikhulupiriro chawo. Wina amaweramitsa mutu kamphindi asanavale magulovesi, ndipo dzanja limakhazikika. Wina Lachisanu amapita ku mzikiti nkhope ili yolemera, n'kubwerako atapepukidwa. Amene ali pa gulu la mapemphero la SCOM kapena kwaya akasowa tsiku limodzi, anzake amagogoda pachitseko chake. Wopanda gulu amatha sabata ali chigonere popanda wodziwa.

Katswiri wina wa zamaganizo wa ku America, Kenneth Pargament, anathera zaka zambiri akufufuza nkhani yomweyi, ndipo mu 1997 anatulutsa buku lonse pa za mmene anthu amagwiritsira ntchito chipembedzo pa nthawi ya mavuto. Iye ndi anzake anasiyanitsa njira ziwiri. Ina amaitcha positive religious coping: munthu amaona Mulungu ngati womugwira dzanja m'vuto lake, amapeza chitonthozo, amalola anzake amuthandize. Ina ndi negative religious coping: munthu amakhulupirira kuti Mulungu akumulanga kapena wamutaya, kuti vuto lake ndi ntchito ya mdierekezi, kuti mpingo wamufulatira. Njira yachiwiriyi ndi imene kawirikawiri imayendera limodzi ndi nkhawa komanso kukhumudwa kwakukulu. Ndiye ine ndikamacheza ndi wophunzira sindifunsa kuti amapemphera kangati. Ndimafuna kudziwa kuti akamaliza kupempherako amadzuka ali wotani, wopepukidwa kapena wodziimba mlandu kuposa poyamba. Anzake a mwana uja, ndi mtima wabwino womwe, anamutenga pa njira yoyamba n'kumukankhira pa yachiwiri.

Ndipo amene amati chikhulupiriro ndi chipatala cha matenda a maganizo siziyendera limodzi apite ku Mzuzu kapena ku Lilongwe akaone St John of God. Amene anayambitsa chithandizo chimenechi ndi abulazala a Katolika, anthu opemphera m'mawa ndi madzulo, koma amalemba ntchito anamwino ndi aphungu, ndipo amapereka mankhwala.

Mwina mukudabwa kuti dokotala wa mano walowa bwanji m'nkhani za maganizo. Zimatipeza tokha, chifukwa m'kamwa simubisa. Pali chimene timati bruxism, kukukuta mano, makamaka kutulo. Munthu amadzuka nsagwada zikuwawa, mutu ukupweteka cha m'mbali muno, mano akutsogolo akuperepeseka n'kukhala osalala ngati wawapala ndi tupa. Zoyambitsa zake ndi zingapo, koma nkhawa ili m'gulumo. Nyengo ya mayeso tizilonda ta m'kamwa timachuluka, nkhama zimatupa chifukwa munthu wasiya kudzisamalira, mswachi ali nawo koma alibe mphamvu zoutola. Wophunzira amene amalangiza odwala za kutsuka mano kawiri pa tsiku, iye mwini akasiya kutsuka, ine ndimadziwa kuti pali nkhani.

Kutopa ndi sukulu kokha si matenda ayi. Ngakhale World Health Organization, pofotokoza za burnout mu 2019, inati ndi vuto lobwera ndi ntchito, osati nthenda payokha. Kumeneko kupuma, tulo, anzako ndi pemphero zimathandiza kwambiri. Depression ndi ina. Tikamaiganizira timayang'ana ngati munthu watha masabata awiri kapena kuposa ali wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zimene ankazikonda sizikumusangalatsanso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasokonekera, akudziona wachabechabe, mwinanso akuganiza zodzipha. Kuchipatala kuli pepala la mafunso 9, lotchedwa PHQ-9, lothandiza kuyeza zimenezi m'mphindi zochepa. Silipereka chigamulo, limangosonyeza amene akufunika kuonedwa bwino.

Malangizo anga ndi ochepa, ndipo muwatenge podziwa kuti ine ndine wa mano, osati wa matenda a maganizo. Wophunzira amene wadziona m'zimene ndatchulazi auze munthu mmodzi wamkulu amene amamukhulupirira, kenako apite kwa phungu wa pasukulu kapena kuchipatala. Asadikire kuti mayeso athe kaye. Si onse amene amafunika mankhwala, ambiri kucheza ndi phungu kumawakwanira. Akapatsidwa mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline adziwe kuti amatenga masabata angapo asanayambe kugwira, ndipo asawasiye mwadzidzidzi chifukwa wina wamusanjika manja n'kulengeza kuti wachira. Ena mwa mankhwalawa amaumitsa m'kamwa, zimene zimabowola mano msanga, ndiye azimwa madzi pafupipafupi. Za kusala, aliyense ali ndi chipembedzo chake ndipo sindingalamule, koma tsiku limene ukudziwa kuti ugwira singano m'kamwa mwa munthu, ukambirane ndi wokuyang'anira ngati thupi silikulola. Ndipo ngati mnzanu wanena mawu osonyeza kuti watopa ndi moyo, musamusiye yekha usiku umenewo, ndipo musasunge chinsinsi chimenecho.

Inu atsogoleri a magulu a mapemphero m'masukulu athu, inu abusa, ansembe ndi mashehe, ana amenewa amayamba kubwera kwa inu asanafike kwa ife. Mwana akakuuzani kuti sakugona ndipo akulira popanda chifukwa, mupempherereni ndithu, koma mukati amen mufunseni kuti zayamba liti, wadya liti, ndiponso ngati waganizapo zodzivulaza. Akayankha zokudetsani nkhawa, nyamukani naye limodzi mumuperekeze kuchipatala.