Chifukwa Chake Sola Imafooka Dzuwa Likaswa Mtengo

Wophunzira wa chaka choyamba savutika kumvetsa kuti waya wa kopa amadutsitsa magetsi pomwe pulasitiki yokuta wayayo imawatchinga. Mutu umayamba kuzungulira mphunzitsi akatchula silikoni, chinthu choyengedwa kuchokera ku mchenga, chimene sichili mbali ya kopa kapena ya pulasitiki. Zinthu zamtunduwu amazitcha semiconductor, ndipo n'zimene zili m'kati mwa foni, wailesi, kompyuta ndi sola ya padenga.

Atomu ya silikoni ili ndi maelekitironi 14, koma anayi akunja ndi amene amagwira ntchito. Anayiwa amagwirana ndi a maatomu anayi oyandikana nawo, choncho palibe lomasuka loti liyende. Kuti limodzi lithothoke pamalo pake pamafunika mphamvu pafupifupi 1.1 eV. N'chifukwa chake silikoni akatentha amadutsitsa magetsi bwino, pomwe kopa akatentha amayamba kuwakaniza.

Luso lagona pa kudetsa silikoni mwadala. Mukathiramo fosifolasi pang'ono chabe, ngakhale atomu imodzi pa miliyoni, mwabweretsa maelekitironi otsala, chifukwa fosifolasi ali ndi asanu akunja. Mukathira boroni, amene ali ndi atatu, mumasiya mipata. Apa ndi pamene ambiri amagwa pa mayeso: mpata, chinthu chopanda kanthu, ungayende bwanji? Taganizirani benchi lodzaza m'tchalitchi, malo amodzi okha atatsala kumapeto. Wochedwa akafika mbali inayo, aliyense amasendera kamodzi. Palibe amene wayenda benchi lonse, koma mpata uja wachoka kumapeto kufika pamene paima mlendo. Mu silikoni wa boroni magetsi amayenda chomwecho. Aphunzitsi amene amathamangira masamu asanakhazikitse chithunzi chimenechi amangopanga akatswiri oloweza.

Mitundu iwiriyi ikakumana m'kachidutswa kamodzi, pamalire pake pamabadwa mphamvu yokankhira maelekitironi mbali imodzi yokha. Transistor yoyamba, imene John Bardeen ndi Walter Brattain anapanga ku Bell Labs ku America mu 1947, inali ya germanium. Mu 1954 malo omwewo anaonetsa selo ya silikoni yosandutsa pafupifupi 6 peresenti ya kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi. Kuwala kumathothola elekitironi, malire aja n'kulikankhira ku waya lisanabwerere mu mpata wake.

Tsono sola imadya kuwala, osati kutentha. Ikatentha, maelekitironi ambiri amamasuka okha n'kumadzaza mipata mwachisawawa, ndipo mavoti amatsika. Mawati olembedwa kumbuyo kwa panelo amayezedwa selo ili pa madigiri 25, ndipo mapanelo ambiri a silikoni amataya pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse yoonjezera. Panelo yogonekedwa pa malata masana a Okutobala ku Chikwawa ikhoza kufika madigiri 60. Werengani nokha: 35 kuchulukitsa ndi 0.4 ndi 14, kutanthauza kuti ya mawati 100 ikupereka pafupifupi 86, fumbi tisanaliwerengere.

Wogula amathamangira kunena kuti wogulitsa wam'bera, chonsecho vuto lili pa kaikidwe. Panelo isagone pa malata. Ikwezedwe pa zitsulo kuti mphepo izidutsa pansi pake, ipendekere kumpoto popeza tili kumwera kwa equator, ndipo izipukutidwa m'mamawa galasi lisanatenthe.