Kamtambo koyera pa X-ray: ni chibayo olo ni TB?

June akafika mu Livingstone, mphepo ya m'mawa siseka na munthu. Ku Maramba, Libuyu na Dambwa mbaula zimalowa m'nyumba, mawindo otseka, ndipo aliyense akukhosomola. Ambiri timati ni chimfine chabe, tagula Panado pa kantemba, tapita ku nchito. Koma pali chifuwa china chosafunika kuseweretsa: thupi kutentha maningi, kunjenjemera, kupuma movutika, m'nthiti kulasa monga akukubayani na mpeni, makhololo ooneka monga dzimbiri. Ichi ni chibayo, chamene ena amati kalaso.

Mukafika ku kiliniki na zizindikiro izi, nthawi zina amakutumizani ku chipatala chachikulu cha mu Livingstone kuti mukajambulidwe X-ray ya pachifuwa. Apa ni pamene mantha amayambira. Dokotala aloza kamtambo koyera pa chithunzi, munthu mtima phaa, "basi, ni TB." Dikirani pang'ono, mwandi.

Pa X-ray mpweya umaoneka wakuda, mafupa oyera. Mapapo abwino ali na mpweya wambiri, ndiye amaoneka akuda. Mabakiteriya akalowa, timatumba ta mpweya m'mapapo timadzaza na mafinya na madzi, ndipo malo amenewo amayera pa chithunzi. Papo la kumanja lili na zigawo 3, la kumanzere 2. Kachilombo kamene kamabweretsa chibayo kwambiri, Streptococcus pneumoniae, kamakonda kugwira chigawo chimodzi, so dokotala amaona mbali imodzi yoyera pamene kwina kuli bwino. Mkati mwa koyerako nthawi zina mumaoneka timizere takuda monga nthambi za mtengo. Izo ni njira za mpweya zamene zikali zotseguka, ndipo zimauza dokotala kuti vuto lili m'papo mwenimweni.

Amayang'ananso kona ya pansi, kumene papo limathera. Kwa munthu wabwino kona iyi imakhala yosongoka. Ikafufutika, kawirikawiri ni madzi amene asonkhana kunja kwa papo, ndipo akachuluka amafunika kuwachotsa na jekeseni olo kapaipi.

Nanga TB? Iyo imakonda kumtunda kwa mapapo ndipo imatha kuboola mabowo. Imabweranso pang'onopang'ono: chifuwa cha masabata awiri olo kupitirira, thukuta usiku, kuonda. Chibayo cha mabakiteriya chimakugwetsani m'masiku ochepa chabe. Koma chithunzi chimaonetsa malo, sichitchula dzina la kachilombo. Ndiye chifukwa chake ba nurse amakupatsani kabotolo ka makhololo kuti akapime TB pa makina a GeneXpert, na kukupemphani kupimitsa HIV. Sikuti akukuganizirani zoipa. Kwa munthu wa chitetezo chochepa, TB imatha kuoneka ndendende monga chibayo wamba.

Chinthu china chamene chimasokoneza ambiri: chithunzi chimachedwa kuposa thupi. Tsiku loyamba X-ray ikhoza kuoneka bwino munthu akudwala ndithu. Mukayamba mankhwala monga amoxicillin, thupi limazizira m'masiku angapo, koma kamtambo kaja kamatha kukhalapo masabata 6 olo kupitirira, makamaka kwa achikulire na okoka fodya. Dokotala akati mubwerenso mukajambulidwe, bwererani. Kamtambo kokana kuchoka kangakhale TB olo matenda ena amene anabisala kumbuyo kwa chibayo.

Pojambulidwa, vulani mkanda na chovala chilichonse cha chitsulo, kokani mpweya wambiri, gwirani kwa masekondi ochepa. Sizipweteka. Ngati muli na pakati, nenani asanayambe.

Kwa ana musayembekeze X-ray. Werengani kapumidwe mwana ali phee: 50 olo kupitirira pa mphindi kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, 40 olo kupitirira kwa wa chaka 1 mpaka 5. Zikafika apo, olo pansi pa nthiti pakulowa mkati akamapuma, thamangani ku kiliniki manje manje. Katemera wa chibayo ali pa kadi ya under five kuyambira 2013, onani ngati mwana analandira yense.

Ndipo makapusozi ogula awiri awiri pa kantemba, asiyeni. Amene mwapatsidwa ku chipatala tsirizani onse, olo mutamva bwino tsiku lachitatu.