Nkhono zazing'ono zimene chigoba chake chinasocheretsa akatswiri

Pansi pa masamba owola m'nkhalango za m'mapiri, monga ku Mulanje ndi ku Zomba, mumabisala tinkhono tina tochepa ngati njere ya mpunga. Tambiri ndi ta banja la Streptaxidae, dzina limene John Edward Gray analipereka mu 1860. Tinkhonoti si tofanana ndi chinkhono chimene chimatha ndiwo kudimba, chifukwa ito ndi alenje. Timasaka nkhono zinzake ndi nyongolotsi, n'kumazikhadzula ndi lilime lodzaza timano tosongoka. Chigoba chimakhala choyererako, pomwe thupi la mitundu yambiri ndi lachikasu kapena lofiira.

Kwa zaka zoposa 100 akatswiri ankasanja nkhonozi poyang'ana chigoba, makamaka timizere ndi timano ta pakhomo pake. Gulu la Gulella, limene Pfeiffer analitchula mu 1856, linasanduka dengu loponyeramo kankhono kalikonse ka mu Africa kokhala ndi timano totere, mpaka mitundu inafika mazanamazana. A. C. van Bruggen wa ku Leiden, amene analemba zambiri za nkhono za m'Malawi, anafotokoza mitundu ingapo ya gululi. Vuto ndi lakuti kufanana nkhope si ubale. Nkhono zosiyana makolo zikamakhala moyo umodzi, zikubisala m'malo amodzi ndi kuthawa adani omwewo, zigoba zake zimatha kufanana. Ofufuza atayamba kuunika ziwalo zoberekera ndi DNA, dengu lija linayamba kukhuthuka. Mu 2010 banja la Diapheridae linapatulidwa ku Streptaxidae, ndipo mu 2013 Rowson ndi Tattersfield anachotsa mitundu ina mu Gulella n'kuipatsa gulu lakelake, Dadagulella.

Ena amati kusinthasintha mayinaku ndi masewera a anthu ophunzira, ndipo kumangosokoneza mabuku akale. Dandaulo lawo lili ndi mutu pang'ono. Kuyeza DNA n'kodula, komanso wofufuza akasefa masamba a m'nkhalango, chimene amapeza kawirikawiri ndi zigoba zopanda mwini, choncho chigoba sichingatayidwe. Koma dzina la gulu limanena za ubale, ndipo likalakwika, zonse zomangidwa pa ilo zimapendekeka. Kankhono sikayenda mtunda wautali. Mtundu wina umapezeka m'nkhalango imodzi yokha. Tikausokoneza ndi wina wofala, nkhalangoyo ikapsa kapena kuthera ku makala, palibe amene adzadziwe kuti kanthu katayika. Kusadziwa bwino alenjewa kunapweteketsa kale anthu kwina. M'zaka za m'ma 1950 nkhono za banja lomweli la Streptaxidae, za gulu la Gonaxis, zinatengedwa ku Kenya kukatayidwa ku zilumba za Hawaii kuti zikathe chinkhono chachikulu cha ku Africa chimene chinkawononga mbewu. Chinkhonocho chikadalipo mpaka lero, pomwe nkhono zachilengedwe za pazilumbazo, zimene zambiri zinatheratu, zinangowonjezeredwa mdani.