Kukwera ndege uli ndi vuto la kuundana kwa magazi



Chaka chilichonse timaperekeza abale athu opita ku Hajj ndi Umrah. Timawathandiza za pasipoti, katemera ndi nsalu za ihram, koma za miyendo yawo sitifunsa. Komatu ulendo wochoka ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi mpaka ku Jeddah, ndi wa maola ambiri okhala pampando wothina. Kwa munthu amene magazi ake sachedwa kuundana, maola amenewa angamuike pangozi.

Magazi a m'miyendo akamabwerera kumtima amakwera chitunda, ndipo amene amawakankha ndi akatumba. Tikamayenda, akatumba amafinya mitsempha ngati mmene mjigo umakwezera madzi. Tikakhala nthawi yaitali mawondo ali chipindire, magazi amayenda mwaulesi ndipo akhoza kuundana mumtsempha wa mkati mwa mwendo. Madokotala amalitcha vutoli DVT. Choopsa n'chakuti kachidutswa ka magazi oundanawo kakhoza kuchoka n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo, munthu n'kumwalira mwadzidzidzi.

Mu 2007 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti ulendo wa maola 4 kapena kuposa umawirikiza kawiri chiopsezo chimenechi, kaya ndi pa ndege, sitima kapena basi. Choncho opita ku Johannesburg pa basi nkhaniyi ikuwakhudzanso. Tisachite mantha mopitirira, chifukwa lipotilo linati vutoli limagwira pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 6,000 oyenda ulendo wotere. Ofunika kusamala kwambiri ndi amene magazi awo anaundanapo kale, amene vutoli lili kumtundu kwawo, amayi oyembekezera kapena amene angochira kumene, omwa mapiritsi ena olera, odwala khansa, onenepa kwambiri ndi amene achitidwa opaleshoni posachedwa.

Ngati muli m'gulu limeneli, kaonaneni ndi dokotala kudakali milungu ingapo. Amene mumamwa warfarin kayezetseni magazi, kuyeza kuja amati INR, kuti adziwe ngati mlingo wa mankhwala uli bwino. Musasiye mankhwala, musawonjezere, ndipo musayambe kumwa asipirini mwa inu nokha. Mankhwala ndi kalata ya dokotala zikhale m'chikwama cha m'manja, poti sutikesi ikhoza kutsalira pabwalo la ndege lina. Nthawi ya ku Saudi Arabia imatsogola ndi ola limodzi lokha, choncho nthawi yomwera mankhwala siisokonekera kwenikweni.

Mundege pemphani mpando wa m'mbali mwa kanjira. Ola lililonse kapena maola awiri alionse dzukani muyendeko. Mukakhala pansi, kwezani ndi kutsitsa zidendene. Imwani madzi, musadzimane poopa kupita kuchimbudzi kapena kumasula wudhu. Pewani mankhwala ogonetsa. Madokotala amalangizanso masokosi apadera ofinya mwendo, olekeza m'munsi mwa bondo.

Pa masokosi amenewa pali funso la Chisilamu. Mkazi amene ali mu ihram amaloledwa kuvala masokosi, koma mwamuna saloledwa, ndipo olunjika ku Makkah amakhala atalowa kale mu ihram ndege isanatere ku Jeddah. Ngati dokotala walamula, mwamunayo avale, kenako apereke fidya: kusala masiku atatu, kudyetsa osauka asanu ndi mmodzi, kapena kuzinga mbuzi kapena nkhosa. Woyambira ku Madinah funsoli silimukhudza mundege, chifukwa ihram amakavalira komweko.

Funso lina ndi la jekeseni wa enoxaparin, amene ena amapatsidwa asananyamuke. Mankhwala amenewa ndi a gulu la heparin ndipo amachokera ku matumbo a nkhumba. Funsani dokotala ngati pali ena oyenera thupi lanu, monga fondaparinux amene sachokera ku nyama. Ngati palibe, ma ulama ambiri amaloleza chifukwa cha dharura, pakuti kuteteza moyo ndi chimodzi mwa zolinga zazikulu za Shariah. Ndipo mwamuna womwa mankhwala oletsa magazi kuundana akhoza kungodula tsitsi potuluka mu ihram m'malo mometa mpala ndi lezala, chifukwa bala lake limachedwa kusiya magazi.

Chiopsezo sichithera potsika ndege. Chimakhalapobe kwa milungu ingapo. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha kapena kupweteka pa katumba, musausisite ndipo musanene kuti ndi kutopa kwa tawaf. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Munthu akayamba kubanika, kumva kupweteka pachifuwa kapena kutsokomola magazi, thamangani naye nthawi yomweyo, ndipo muuze dokotala kuti wachokera ulendo wautali.

Ophunzira, awerengereni agogo anu nkhaniyi. A komiti, polemba maina a opita ku Hajj chaka chino, funsaninso za mankhwala amene amamwa. Allah awapatse ulendo wabwino ndi kuwabweza ali amoyo.