MAPIRI A CHIPATA NDI MANKHWALA, KOMA SANKHANI NJIRA YOLINGANA NDI THUPI LANU

Munthu wokhala mu Chipata akatuluka pakhomo m'mawa, cinthu coyamba kuona ndi phiri. Kaya mukhala ku Kapata, ku Mchini, ku Nabvutika, ku Magazine kapena ku Kalongwezi, mapiri akuzingani mbali zonse. Koma tafunsani anansi anu kuti ndani anakwerapo phiri la Kanjala osati cifukwa ca nkhuni kapena mapemphero. Mudzawawerenga ndi zala.

Kale amai anali kupita kumsika ndi miyendo, dengu liri pamutu, ndipo atate anali kupalasa okha njinga popita kunchito. Lero ulendo womwewo tikwera takisi kapena njinga yamoto, ndipo tikakwera njinga yopalasa, wopalasa ndi wina, ife tangokhala kumbuyo. Thupi liona zonsezi. M'caka ca 2017 Unduna wa Zaumoyo unacita kafuku-fuku m'dziko lonse la Zambia ndipo unapeza kuti pa anthu asanu alionse a zaka 18 mpaka 69, pafupi-fupi mmodzi ali ndi BP yokwera. Matendawa sagogoda pacitseko. Ambiri adziwa kuti ali nao tsiku limene mkono ndi mwendo zafa, kapena pakamwa papotoka.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti munthu wamkulu afunika kugwiritsa nchito thupi mwamphamvuko kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Kunena kwina, theka la ola pa tsiku, masiku asanu. Ana a zaka 5 mpaka 17 afunika ola lathunthu tsiku lirilonse. Kuyenda ndawala kukwanira. Kuthandiza kutsitsa BP ndi shuga m'magazi, kulimbitsa mtima ndi mafupa, ndipo tulo tibwera bwino usiku.

Ena adzati, "Ife tiyenda kale, mufuna tiyendenso kuti?" Zoona. Mai amene asenza matimati kucokera kudimba kufika ku Saturday Market, kapena mnyamata wopalasa matumba a makala, nkhani ino si yao kweni-kweni. Ino ndi ya akalaliki a m'maofesi, atelala, oyendetsa galimoto, amai okhala pa benchi la msika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndi acikulire amene anapuma pa nchito. Palinso ena amene aopa kuyenda poti akacepa thupi anthu m'komboni adzayamba kunong'ona kuti adwala. Manong'onong'o amenewa avutitsa anthu kwa zaka zambiri, koma mimba yaikulu sinacinjirizepo munthu ku sitiroko.

Muyeso ndi mpweya wanu

Musanasankhe njira, dziwani muyeso uwu, umene sufuna makina. Ngati poyenda mutha kuimba nyimbo, mukuyenda pang'ono-pang'ono kwambiri, onjezani liwiro. Ngati mutha kukamba ndi mnzanu koma kuimba kwakanika, pamenepo ndi pabwino. Ngati simutha kutsiriza ngakhale mau atatu osapumira, mwapitirira, cepetsani.

Amene ali ndi BP, shuga, matenda a mtima kapena cifuwa ca mphumu, ndiponso amai apakati, ayambe apita ku kiliniki kapena ku Chipata Central Hospital kukapimitsa ndi kufunsa. Kawiri-kawiri adzakuuzani kuti yendani, koma adzakuuzaninso polekezera. Kuyenda sikulowa m'malo mwa mapilisi. Musaleke mankhwala cifukwa cakuti mwayamba kumva thupi kupepuka.

Oyamba kumene: pansi m'cigwa

Mzinda wathu uli m'cigwa, conco njira zosakwera ziripo zambiri. Woyamba kumene, wonenepa, kapena amene wangocira ku matenda, ayambe ndi mphindi 10 kapena 15 cabe m'miseu ya m'komboni mwao, kapena kuzungulira bwalo la mpira la pafupi. Sabata iriyonse onjezani mphindi zisanu. Pakutha miyezi iwiri mudzaona kuti theka la ola silikulemetsani. Mukayenda m'mbali mwa Great East Road, yendani mbali yoyang'anana ndi magalimoto obwera, ndipo m'bandakuca valani cobvala coyera kuti oyendetsa akuoneni.

Miyendo ikazolowera, tulukani m'tauni pang'ono mutsate tinjira ta m'minda ndi m'madimba. Ife ku Chipata tiribe nyanja, koma tiri ndi madamu monga Lutembwe ndi Apollo, ndipo m'mbali mwa madzi mphepo ikhala yozizira ngakhale mu October. Apa pali cenjezo limodzi lalikulu. Yendani m'mbali, musalowe m'madzi. Madzi oima okhala ndi udzu ndi nkhono ndiwo kwao kwa likodzo, ndipo tizilombo take tilowa pakhungu ngakhale mwangobviika mapazi kuti azizire. Mwana akayamba kukodza magazi, si cizindikiro cakuti wakula ai. Mpititseni ku cipatala, mankhwala ake a praziquantel alipo. Damu la Lutembwe ndilo litipatsa madzi a m'mipope, conco si malo ocapira kapena kutayira mapepala a pulasitiki. Ndipo musakhalitse kumadzi dzuwa litalowa, udzudzu wa malungo uyamba nchito nthawi imeneyo.

Kukwera Kanjala

Amene atha kuyenda mphindi 40 pansi popanda kupuma, angayese phiri. Kanjala ndiye woyambira wabwino cifukwa ali m'mphepete mweni-mweni mwa tauni, safuna ndalama ya galimoto, ndipo pamwamba pake muona mzinda wonse uli pansi panu ngati mphasa.

Tsiku loyamba musalimbane ndi nsonga. Kwerani mpaka pamene mpweya wayamba kucepa, khalani pamwala mupume, bwererani. Sabata yotsatira mudzapitirira mwala umenewo. Ponyani mapazi pafupi-pafupi, ndipo potsetsereka kwambiri yendani mokhota-khota monga icitira mbuzi. Acinyamata akonda kuthamangira kutsogolo kuti aoneke amphamvu. Asiyeni. Gulu labwino liyenda pa liwiro la munthu wocedwa koposa onse.

Ambiri aganiza kuti cobvuta ndi kukwera. Kukwera kutopetsa mtima, inde, koma kutsika ndiko kupweteka anthu. Miyendo ikhala itatopa kale, maondo anyamula thupi lonse pa phazi lirilonse, ndipo timiyala ta pamwamba pa nthaka youma titerera ngati nshawa zomwazika pa simenti. Pindani maondo pang'ono, tsikani cam'mbali pamalo oipa, ndipo tengani ndodo. Ndodo si ya nkhalamba zokha. Mapatapata asiyeni kunyumba. Nsapato za tenesi za pa salaula zokhala ndi mapazi a mizere-mizere zikwanira, malinga zisakhale zothina. Odwala shuga ayang'ane mapazi ao bwino-bwino akabwerako, cifukwa kacironda kakang'ono kamene sakumva kuwawa kangakule n'kufika podulitsa cala. Anyamulenso switi kapena nthoci, kuti akamva kunjenjemera ndi thukuta lozizira adye msanga.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kulimba mtima: kupweteka kapena kulemera m'cifuwa, ululu wopita kumkono kapena kunsagwada, cizungulire, mtima kugunda mosalongosoka. Zikacitika imani pomwepo, khalani pansi, anzanu afune thandizo lokufikitsani ku cipatala. Ici ndico cifukwa cake simuyenera kukwera nokha. Cifukwa cina mucidziwa kale: malo obisika akhoza kukhala ndi anthu a maganizo oipa. Pitani atatu kapena anai, ndipo uzani a kunyumba njira imene mwatenga.

Nthawi yabwino ndi miyezi yacisanu, May mpaka August. Mu September ndi October nyamukani 6 koloko isanakwane kuti pofika 9 koloko mukhale mutatsika, kapena dikirani mpaka 16 koloko. Munthu aliyense anyamule botolo lake la madzi, lita imodzi kapena kuposa, ndi cipewa. Kandolo wophika, nshawa ndi thobwa ndi kamba wokwanira. Mowa ai. M'dzinja miyala iterera, ndipo mitambo ikayamba kuda tsikani msanga, pakuti pamwamba pa phiri ndi pansi pa mtengo woima wokha ndi malo okonda mphenzi.

M'chire yang'anani poponda. Njoka zambiri zithawa zikamva mapazi, koma mphiri ingogona panjira osasuntha. Wina akalumidwa musam'ceke, musayamwe, musamange cingwe colimba. Mvuleni mphete ndi zothina, asayende-yende, munyamuleni kupita ku cipatala. Citedze mucidziwa nonse, sitifunika kukambapo zambiri.

Mukafika pamwamba, onani mbali za mapiri zimene zatsala zambee cifukwa ca makala, nkhuni ndi nyumba zokwera m'phiri. Madzi a mvula amene mitengo inali kugwira ndiwo akumba ngalande m'miseu ya m'makomboni athu. Macesi ndi nkhwangwa zitsale kunyumba. Masuku tolani m'nyengo yake, koma nthambi musathyole.

Olimba miyendo

Amene Kanjala wawacepera ali ndi kopita. Kumpoto kwa Chipata, makilomita ngati 30, kuli phiri la Zawi kumene kuli zithunzi zimene anthu akale anajambula pamiyala. Zina ziri kuphanga la Thandwe, ndi ku Mkoma cakufupi ndi Katete. Malowa ndi cuma ca dziko cosungidwa ndi National Heritage Conservation Commission, motero kulembapo dzina lanu ndi makala ndi mlandu. Ulendo wotere ndi wa tsiku lathunthu. Yambani mwaonekera kwa anyakwawa, mupemphe munthu wa m'mudzimo akutsogolereni, ndipo mum'patse kangacepe. Ku Katete kulinso mapiri a Mphangwe kwa ofuna cikweza ceni-ceni.

Alendo ocokera kutsidya kwa nyanja alipira ndalama zambiri kudzayenda pansi m'nkhalango ya South Luangwa ku Mfuwe, makilomita oposa 100 kucokera ku Chipata. Maulendo oona nyama poyenda pansi anachuka cifukwa ca Norman Carr, amene anatsegula msasa wa alendo mogwirizana ndi Mfumu Nsefu m'caka ca 1950. Njira zake n'zosakwera, koma kucigwa kutentha kuposa kuno, ndipo munthu saloledwa kuyenda popanda wotsogolera ndi sikauti wa mfuti. Nyengo yake ndi ya cilimwe, ndipo ana aang'ono satengedwa. Mukabwerako n'kuyamba kutentha thupi, uzani adokotala kumene munali, cifukwa kuwonjezera pa malungo, nchenche za tsetse za kumeneko zikhoza kupatsa matenda a kaodzera.

Magulu a amai a m'machalichi ndi ana a sukulu amene akonza ulendo wodutsa pa Mwami kupita ku Senga Bay ku Salima, m'dziko la Malawi, adziwe kuti mcenga wa m'mbali mwa nyanja unyenga. Pooneka ndi posalala, koma phazi limira, ndipo akatumba atopa msanga kuposa pa mseu. Yendani pa mcenga wolimba m'mawa usanatenthe, acikulire atsogole, ndipo likodzo lija tanena pa madamu liriko kunyanjanso, maka-maka pamene pali bango ndi madzi odekha.